PHUNZIRO 17: MVULA IKADULA

Mau owerenga: Genesis 41:1-8, 25-40, 46-57

Mau ena othandiza mphunzitsi: Mlaliki 11:1-6, Miyambo 6:6-11, Miyambo 11:24-26, Machitidwe 11:27-30, 1 Timoteo 5:8

Vesi loloweza: Mlaliki 11:6. Lembani vesili pa bolodi monga liliri m'Buku Lopatulika, ana asanalowe.

Cholinga: Kuti ana adziwe kuti mvula ili m'manja mwa Mulungu, koma kukonzekera chaka choipa ndi kugawana chakudya pa nthawi ya njala ndiyo ntchito imene Iye anaisiya m'manja mwathu.

MAU KWA MPHUNZITSI

Aphunzitsi okondedwa mwa Ambuye, phunziro ili taliika m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa likuswa mtengo ndipo mabanja ali pa kalikiliki kusosa ndi kuunga mizere. Ana amene mudzawaphunzitsa ndi ana a alimi. Ambiri a iwo adziwa kale kugwira khasu, ndipo ena adziwanso kugona ndi njala. Chifukwa chake musaphunzitse nkhani ya Yosefe ngati nthano ya dziko lakutali. Ndi nkhani ya nkhokwe ya kwao.

Pakati pa Akristu pamapezeka zolakwa ziwiri pa nkhani iyi. Wina amati, popeza Mulungu ndiye wopatsa, palibe chifukwa chovutikira za mawa. Munthu wotere amagulitsa chimanga chonse m'mwezi wa Meyi, ndipo pofika Januwale ali pa ganyu m'munda wa mnzake, wake uli thengo. Wina amati, popeza ulimi ndi wa feteleza ndi mbeu zamakono, pemphero lilibe malo m'munda. Munthu wotere chilala chikamgwera amataya mtima, natsekera abale ake chitseko. Yosefe sanali mmodzi wa awiriwa. Iye anamvera Mulungu, namanga nkhokwe, ndipo nthawi itakwana anazitsekula.

Muwerenge mau onse a pamwambawa kunyumba, mopemphera, Sabata lisanafike. Zimene zalembedwa m'zigawo ziwiri zotsatirazi ndi zokuthandizani inu. Musaziwerenge zonse pamaso pa ana, koma musankhe zoyenera msinkhu wao.

DZIKO LATHU NDI MVULA YAKE

Munthu akachoka mu mzinda wa Blantyre kulowera ku Chileka, kapena kutsata mseu wa ku Lunzu mpaka ku Lirangwe, amakhala akutsika. Bwalo la ndege la Chileka lili m'munsi kuposa mzindawo ndi mamita pafupifupi 250, ndipo dziko limatsikabe mpaka ku mtsinje wa Shire, kumene madzi a Likhubula, Lunzu ndi Lirangwe amakathera. Chifukwa cha ichi kuno nkotentha, ndipo nthaka imauma msanga. Chiperoni chimene chimanyowetsa Thyolo ndi Limbe m'miyezi yozizira sichifika kwenikweni kuno. Kawirikawiri anthu a m'madera a mafumu Kuntaja, Kapeni, Lundu ndi Chigaru amaona mitambo yakuda pa mapiri a Michiru ndi Ndirande, iwo osalandira ndi dontho lomwe.

Vuto lalikulu si kuchepa kwa mvula kokha ai, koma kagwedwe kake. Mvula ingathe kuyamba bwino, chimanga nkumera mokondweretsa, kenaka nkudula milungu itatu kapena inai m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale. Iyi ndiyo ng'amba. Ikafika pamene chimanga chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, zokolola zimaonongeka ngakhale mvula ibwerenso pambuyo pake, pakuti nthawi imeneyo ndiyo imene chimanga chimafuna madzi koposa.

M'chaka cha 1992 chilala chinagwera maiko onse a kumwera kwa Africa, ndipo chimanga chimene Malawi anakolola sichinafike ndi theka lomwe la chaka chapambuyo. M'chaka cha 2002 kunali njala imene ambiri a inu muikumbukira. Mvula inavutanso mu 2016 ndi mu 2024, ndipo m'mwezi wa Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Akatswiri a zanyengo amati zaka za 1992, 2016 ndi 2024 zinatsatana ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific, kumene amakutcha El Niño, ndipo kumachepetsa mvula m'chigawo chathu. Zaka zina vuto limakhala madzi ochuluka, monga m'mwezi wa Januwale 2015, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche pa Chilobwe, napha anthu mazanamazana m'chigawo cha kumwera, nakokolola minda ndi nthaka yomwe. Tsono mwana amene akukula lero adzaona zaka zoipa zingapo asanakhale ndi banja lake. Si chinthu chabwino kumbisira zimenezi.

NJALA YA 1949

Pali chaka chimodzi chimene agogo athu sanachiiwale. Kumapeto kwa 1948 mvula yoyamba inagwa, anthu nabzala monga mwa masiku onse. Koma isanakhazikike inadula, ndipo m'mwezi wa Januwale 1949 kumwamba kunali mbee. Ena anabzala kawiri, ena katatu, mpaka mbeu inatha. Boma la Blantyre linali limodzi mwa maboma amene anasautsika koposa, makamaka midzi ya ku Lunzu ndi ku Lirangwe. Njala inafika pachimake kumapeto kwa 1949 ndi kuchiyambi kwa 1950. Anthu anadya mizu ya kuthengo ndi zitsa za nthochi. Boma la atsamunda, m'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, linaitanitsa chimanga kunja, ndipo potsiriza linatsekula misasa yodyetseramo anthu ofooka.

Patapita zaka zambiri, mai wina wophunzira mbiri yakale, Megan Vaughan, anayenda m'midzi ya boma lino nacheza ndi amai okalamba amene anaiona njalayo. Anasonkhanitsanso nyimbo zimene ankaimba pa mtondo, ndipo buku lake linatuluka mu 1987. Chimene anapeza nchofunika kwa ife aphunzitsi. Dzuwa linaomba pa minda yonse mofanana, koma njala siinapweteke onse mofanana. Amene anali pa ntchito ya malipiro kapena pa malonda anatha kugula chakudya. Amene anavutika koposa anali okalamba, ana aang'ono, ndi amai amene amuna ao anawasiya. Amuna ambiri anapita kukasuma ku Ntcheu, ku Neno ndi ku Mwanza. Ena anabwerera ndi chakudya pamutu napulumutsa mabanja ao. Koma ena anakhazikika komweko nakwatira, osabweranso. Ngakhale abale amene ankadyera pamodzi pa bwalo anayamba kudya aliyense m'nyumba mwake, chitseko chotseka.

Taonani tsono, chilala chinaumitsa chimanga, koma chimene chinapasula mabanja chinali mtima wa munthu. Ichi ndicho chifukwa chake nkhani ya munda ili ndi malo m'Sande Sukulu.

KAPHUNZITSIDWE

Zofunika kukonzeratu: Zitini ziwiri zoboola pansi zodzaza dothi la m'munda, udzu wouma kapena zidutswa za mapesi, mbale yokhala ndi mbeu zosiyanasiyana, monga chimanga, nandolo, mapira, khobwe ndi mtedza, miyala yaing'ono 10.

Lachinai m'mawa thirani madzi ofanana m'zitini ziwirizo. Chimodzi muphimbe ndi udzu, china muchisiye poyera, ndipo zonse zikhale pa dzuwa mpaka tsiku la Sabata.

Chiyambi

Mutapemphera ndi kuimba nyimbo yoyamika Mulungu chifukwa cha chilengedwe chake, itanani ana awiri kuti apise chala m'zitini zija. Afunseni: Ndi dothi liti lili ndi chinyezi? Nanga zitini zonsezi sizinalandire madzi ofanana? Nanga sizinakhale pa dzuwa limodzi? Aloleni ayankhe okha. Kenaka nenani kuti: Ana inu, dzuwa sitingathe kulizimitsa, mvula sitingathe kuiitana. Koma dzanja limene linaika udzu pa chitini ichi linapulumutsa madzi. Lero timva za munthu amene Mulungu anamgwiritsa ntchito kupulumutsa dziko lonse ku njala.

Nkhani

1. Maloto a mfumu (41:1-8). Farao, mfumu ya Aigupto, analota ng'ombe 7 zonenepa zikutuluka mu mtsinje, ndipo pambuyo pake zinatuluka zina 7 zoonda zimene zinadya zonenepazo. Analotanso ngala 7 za tirigu zokhwima bwino zikumezedwa ndi ngala 7 zofwapa, zopserera ndi mphepo yotentha. Fotokozerani ana kuti ku Aigupto mvula siigwa kwenikweni. Minda yao inkadalira mtsinje wa Nile, umene unkasefukira chaka ndi chaka chifukwa cha mvula ya ku mapiri a ku Ethiopia. Mtsinje ukalephera kusefukira, dziko lonse linkalira. Anzeru onse a mfumu analephera kumasulira malotowo.

2. Yosefe achokera kundende (41:25-32). Yosefe anagulitsidwa ndi abale ake ali ndi zaka 17, ndipo anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Zaka 13 za pakatipo anakhala kapolo ndi wandende. Iye sanadzitame kuti ndi wanzeru, koma ananena poyera kuti yankho lichokera kwa Mulungu. Tanthauzo linali ili: kudzakhala zaka 7 za dzinthu dzambiri, ndipo zidzatsatidwa ndi zaka 7 za njala yoopsa, yoiwalitsa zabwino zonse zoyambazo.

3. Uphungu wa Yosefe (41:33-40). Pano mutsindike. Yosefe sanalekere pa kumasulira maloto. Sananene kuti, popeza Mulungu watsimikiza, tingokhala pansi ndi kudikira imfa. Anauza mfumu kuti isankhe akapitao, ndipo m'zaka zabwinozo asonkhanitse gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola zonse, nalisunge m'midzi. Tengani miyala 10 ija, munene kuti ndi matumba a chimanga, ndipo mwana mmodzi apatule gawo la Yosefe. Adzapatula miyala iwiri. Afunseni ana ngati nkosavuta kusunga matumba awiriwo pamene pakhomo pakufunika sopo, mchere, yunifolomu ndi malata.

4. Nkhokwe zitsekulidwa (41:46-57). Zaka zabwino zinafika, Yosefe nayendayenda m'dziko lonse kusonkhanitsa tirigu mpaka analeka kuwerenga. Mwina ena ankamseka poona nkhokwe zambiri chotero pamene chakudya chinali mbwee. Koma njala itafika, anthu analirira kwa Farao, ndipo Yosefe anatsekula nkhokwezo. Anthu a maiko ena anabweranso kudzagula. Pakati pao panali abale ake omwe aja amene anamgulitsa, ndipo iye sanawabweze chimanjamanja.

TANTHAUZO LAKE KWA IFE

Ife sitilota maloto a Farao, komabe Mulungu sanatisiye opanda chenjezo. Tili ndi zimene agogo athu anaziona. Tili ndi ulosi wa zanyengo umene nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza pa wailesi mvula isanayambe. Tili ndi alangizi a zaulimi. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma pa nkhani ya chilala ng'oma yakhala ikulira kuyambira 1949. Nzeru zimene zili m'munsizi muzikambe ndi ana okulirapo. Ambiri adzakuuzani zimene makolo ao amachita kale, ndipo muwayamikire.

Choyamba, kusunga madzi m'munda. Mvula yogwa pa nthaka yopanda chophimba imathamangira kumtsinje, itanyamula chonde. Mizere iyende mopingasa chitunda, motsata akalozera, ndipo m'makwalala mutsekedwe ndi timizere tating'ono kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Mvula ikachuluka kwambiri timizereto tingathe kutsekulidwa kuti mbeu zisamire. Udzu wa vetiva wobzalidwa pa akalozera umagwira nthaka. Mapesi asatenthedwe. Akayalidwa pansi amachita monga udzu wa pa chitini chija, ndipo akaola amasanduka chakudya cha nthaka. Manyowa a khola ndi a kompositi amathandiza dothi kusunga chinyezi, chinthu chimene feteleza payekha sachita. Pano muwachenjeze anyamata za kutentha tchire posaka mbewa.

Chachiwiri, kubzala pa nthawi yake. Mmera mpoyamba. Munda ukhale wokonzeka mvula isanagwe, kuti mbeu ilowe pansi ndi mvula yoyamba yonyowetsa nthaka mokwanira, osati ndi chizimalupsa chimene chimangonamiza. M'dera lotentha ngati lathu mbeu za chimanga zocha msanga zimapulumuka kawirikawiri kuposa zochedwa. Alangizi amaphunzitsa kuti mizere italikirane masentimita 75, ndi kuti mbeu imodzi ibzalidwe pa phando lililonse, mapando atatalikirana masentimita 25. Ndi nzeru kusungako mbeu pang'ono, kuti yoyamba ikapserera pakhale yobwereza.

Chachitatu, kusadalira mbeu imodzi. Apa ndi pamene pali vesi lathu loloweza. Mlaliki atilangiza kufesa m'mawa ndi madzulo omwe, popeza palibe munthu adziwa mbeu imene idzachita bwino. Pa vesi 2 atiuzanso kugawa chuma chathu m'magawo ambiri, chifukwa tsoka lakudza silidziwika. Onetsani ana mbale ya mbeu ija. Nandolo ali ndi mizu yozama, amapirira ng'amba, amaonjezera chonde m'nthaka, ndipo amacha pamene chimanga chakololedwa kale. Mapira amafota dzuwa likakula, koma mvula ikabwerera amatsitsimuka. Khobwe amacha msanga, ndipo masamba ake ndi ndiwo. Mbatata ingathe kubzalidwa ngakhale mu Januwale kapena Febuluwale, pamene zaoneka kuti chimanga chakanika, ndipo ya mtundu wofiira mkati imathandiza maso ndi thanzi la ana. Chinangwa ndi nkhokwe ya pansi pa nthaka imene nankafumbwe saifika. Koma muwakumbutse ana kuti chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo sichidyedwa chisanaviikidwe m'madzi masiku angapo ndi kuyanikidwa. Pali anthu amene amati ngati sanadye nsima ya chimanga ndiye kuti agona ndi njala. Tiphunzitse ana kulandira ndi chiyamiko chakudya chilichonse chimene Mulungu wapereka.

Chachinai, dimba, mitengo ndi ziweto. Banja limene lili ndi kadimba m'mbali mwa dambo limapeza masamba, tomato ndi chimanga chachiwisi m'chilimwe. Koma kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kumagumula gombe, ndipo madzi akasefukira dimba lonse limapita. Amai athu adziwa kufutsa masamba a nkhwani, chitambe ndi therere pamene ali ambiri, kuti mfutso udzathandize mu Okutobala. Atsikana ndi anyamata omwe aphunzire luso limeneli. Mtengo wa msangu usadulidwe m'munda, pakuti umayoyola masamba ake nthawi ya mvula, osatchinga mbeu, ndipo masambawo ndi manyowa. Mapiri athu ambiri ayera chifukwa cha makala, ndipo phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Mbuzi ndi nkhuku nazonso ndi nkhokwe yoyenda ndi miyendo, yothandiza tsiku la tsoka.

Chachisanu, kuwerenga tisanagulitse. Chaka ndi chaka mtengo wa chimanga umatsika nthawi yokolola, nukwera mu Januwale ndi Febuluwale. Wogulitsa mu Meyi kawirikawiri amagulanso chimanga chomwecho pa mtengo wowawa. Bambo ndi mai akhale pansi pamodzi, awerenge anthu a pakhomo ndi miyezi yotsala kufikira zokolola zina, apatule chakudya, mbeu, chopereka cha masika ndi gawo la Yosefe, ndipo chotsalacho ndicho chogulitsa. Chimanga chiume bwino chisanasungidwe, ndipo chitetezedwe ku anankafumbwe ndi makoswe. Miyambo 6 itiuza kuti tikaphunzire kwa nyerere, imene ilibe kapitao koma imatuta chakudya nthawi ikadalipo.

NKHOKWE YOTSEKULA

Mphunzitsi asalekere pa kusunga, pakuti kusunga kopanda chikondi ndi umbombo. Ambuye Yesu ananena fanizo la mwini chuma amene anapasula nkhokwe zake namanga zazikulu, akuganiza za iye yekha, ndipo Mulungu anamutcha wopusa (Luka 12:16-21). Kusiyana kwa munthu uyu ndi Yosefe sikunali pa kukula kwa nkhokwe ai. Kunali pa funso lakuti chakudyacho anasungira yani.

Miyambo 11:26 ichenjeza munthu wokaniza tirigu pamene anthu ali ndi njala. Masiku ano tchimo limeneli limaoneka m'katapila, pamene munthu abwereketsa ndowa imodzi mu Febuluwale nafuna ziwiri kapena zitatu pokolola. Limaonekanso polemba mnansi ganyu wa tsiku lonse ndi kumlipira kambale ka madeya, podziwa kuti sangakane. Pa 1 Timoteo 5:8 Paulo anena mau olimba kwambiri za munthu wosasamalira a pabanja pake, ndipo mau amenewa atikumbutsa amuna aja a 1949 amene sanabwerere. Pa Machitidwe 11, Akristu a ku Antiokeya atamva za njala ikudza m'masiku a mfumu Klaudiyo, sanadikire kuti ifike. Aliyense anapereka monga anakhoza, natumiza thandizo kwa abale a ku Yudeya mwa dzanja la Barnaba ndi Saulo. Kupatsa nkuika. Mpingo umene uli ndi nkhokwe ya amasiye ndi okalamba ukutsata mapazi a Akristu oyambawo.

MAFUNSO OVUTA AMENE ANA ANGAFUNSE

Kodi chilala ndi chilango cha Mulungu? M'Chipangano Chakale muli nthawi zina pamene Mulungu anatseka kumwamba chifukwa cha machimo a mtundu, monga m'masiku a Eliya ndi Ahabu. Koma pa Genesis 41 sitiwerenga kuti njalayo inali chilango. Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti Atate amapereka dzuwa ndi mvula kwa abwino ndi oipa omwe (Mateyu 5:45), ndipo anakana maganizo akuti ogweredwa tsoka ndi ochimwa kuposa anzao (Luka 13:1-5). Chotero musalole mwana aliyense kuganiza kuti munda wa kwao unapserera chifukwa makolo ake ndi oipa. Nthawi ya chilala ndi yoyenera kudzifufuza tonse, osati kulozana zala.

Kodi munthu angathe kumanga mvula? Mvula ikadula, m'midzi mumamveka manong'onong'o akuti gogo wakutiwakuti ndiye waimanga. Okalamba ena m'dziko lathu amenyedwa, kuthamangitsidwa, ngakhale kuphedwa kumene chifukwa cha mabodza a ufiti. Yankhani mosazengereza kuti palibe munthu ali ndi mphamvu pa mitambo. Kunamizira nkhalamba ndi kuswa lamulo lachisanu ndi chinai, ndiponso ndi mlandu pa malamulo a dziko. Mwana amene wamva mau otere auze makolo kapena mkulu wa mpingo, ndipo iye asatole mwala.

Nanga Yosefe sanalande minda ya anthu? Ana okulirapo amene awerenga Genesis 47 angafunse funso limeneli. Nzoona kuti njala itakula, Aaigupto anapereka ndalama, ziweto, minda, ndi iwo eni kwa Farao kuti apeze chakudya. Musabise zimenezi. Baibulo litiuza zimene zinachitika, koma silitilamula kuchita chimodzimodzi. Kwa anthu ake Mulungu anapereka lamulo lina, loletsa kudyera mbale wosauka masuku pamutu (Levitiko 25:35-37). Yosefe anali mthunzi chabe. Mpulumutsi weniweni ndi Yesu Kristu, Mkate wa Moyo, amene amapereka kwaulere.

CHENJEZO KWA MPHUNZITSI

Musafunse mwana pamaso pa anzake kuti kwao kwatsala matumba angati, kapena ngati wadya m'mawa. Mabanja ena sanasunge chifukwa analibe chosunga: munda ndi waung'ono, mai ndi wamasiye, kapena matenda anatha ndalama zonse. Phunziro ili lisakhale ndodo yokwapulira osauka. Mukaona mwana akuodzera, kapena wasiya kubwera m'miyezi ya njala, mukamuyendere kwao mwakachetechete, ndipo mudziwitse mkulu wa mpingo wa dera limenelo kapena amai a Mvano.

MAFUNSO OBWEREZA

Kwa ana aang'ono:
1. Farao analota chiani?
2. Ndani anapatsa Yosefe nzeru yomasulira maloto?
3. Yosefe anachita chiani m'zaka zabwino?
4. Njala itafika, anachita chiani ndi nkhokwe zija?

Kwa ana okulirapo:
1. Nchifukwa ninji Yosefe sanangopemphera ndi kukhala pansi?
2. Tchulani mbeu zinai zopirira ng'amba kuposa chimanga.
3. Yosefe asiyana bwanji ndi mwini chuma wa pa Luka 12?
4. Mu njala ya 1949, ndani anavutika koposa, ndipo chifukwa ninji?
5. Mungayankhe bwanji mnzanu wonena kuti gogo wina wamanga mvula?

NTCHITO YA MLUNGU UNO

Mwana aliyense apite kwa munthu wokalamba wa m'mudzi mwao, ampatse moni mwaulemu, amthandize kutunga madzi kapena kutola nkhuni, ndipo amfunse kuti: Agogo, kodi chaka cha njala chimene mukuchikumbukira ndi chiti? Munadya chiani? Anakuthandizani ndani? Sabata lamawa ana atatu adzafotokoze zimene anamva.

Ngati bwalo la akulu a mpingo livomereza, kalasi lipemphe kamunda kakang'ono pafupi ndi tchalitchi. Theka lake liphimbidwe ndi mapesi, theka lisiyidwe poyera, ndipo mubzalidwe chimanga pamodzi ndi nandolo. Ana aziona kusiyana kwake mlungu ndi mlungu. Zokolola zake zidzaperekedwe kwa wokalamba kapena wamasiye amene akulu a mpingo adzamsankhe, ndipo ana omwewo ndiwo adzasenze kukatula.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu mwini dzuwa ndi mvula, tikuyamikani chifukwa cha nthaka imene munapatsa makolo athu. Tipatseni mvula yokwanira chaka chino. Tipatseninso nzeru zimene munapatsa Yosefe, kuti tisamale minda yathu ndi kusunga pamene tili nazo. Mukatilola kupyola m'chaka chouma, gwirani mitima yathu kuti isaume pamodzi ndi minda. Kumbukirani okalamba, amasiye, ndi ana ogona ndi njala, ndipo mutitume ife kwa iwo. Tapempha m'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.